Manda a Alendo ku Mlowe

Mlowe, Rumphi
12 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene a Jimmy,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga amayi, miyendo ija ikuwalola kufika kudimba? Mankhwala akumwa, kapena ayambanso kuwabisa kunsi kwa mphasa? Ine kuno ndili bwino. Malungo anandigwetsa mwezi wathawu koma ndachira. Chovuta ndi kutentha. Okutobala wa kuno si wa ku Ntcheu ayi, choko chimachita kunyowa m'manja ndi thukuta.

Kalatayi ndapatsira Pamela, mnzanga uja amene ndi namwino, popeza akupita ku Balaka ku ukwati ndipo atsikira pa boma kuti akupatseni. M'kathumbamo muli usipa wa amayi ndi alamu. Ndikanatha kuimba foni, koma ndikukudziwani, mukanandidula mawu ndisanafike pakati. Werengani kaye mpaka kumapeto, kenako mundikalipire.

Makalata osinthana malo ndi a Vitumbiko Harawa aja sindinasayine. Ndikudziwa mmene munavutikira kupeza mphunzitsi wa kumpoto amene ali ku Ntcheu ndipo akufuna kubwerera kwawo. Ndikudziwanso kuti alamu atopa kusamala amayi okha zaka zinayi zonsezi. Sindinakane kubwera. Ndawapempha a Harawa kuti andidikire mpaka teremu yachiwiri ithe. Ayankha kuti aganiza kaye, ndipo n'kutheka kuti apeza wina. Chifukwa chake ndi ichi.

Chaka chatha ndinapita ndi kalasi langa la Fomu 3 ku Karonga kukaona malo amene Angerezi ndi Ajeremani anamenyanirapo mu 1914. Tinaona manda a asilikali achizungu, osesedwa bwino, mwala uliwonse uli ndi dzina. Pobwerera mtima wanga sunali m'malo. Ndinkangoganiza za agogo awo a bambo athu, a Zikani, amene anagwidwa kukanyamula katundu wa nkhondo yomweyo osabwereranso. Bambo ankatiuza kuti mnzawo wa a Zikani wa pamudzi anabwera ndi kachitsulo ka nambala kamene a Zikaniwo ankavala m'khosi, n'kunena kuti anawasiya akudwala kumpoto, pafupi ndi nyanja, kwa anthu a chiyankhulo china. Zimene banja lathu likudziwa ndi zokhazo.

Lamulungu lotsatira ndinafotokoza za ulendowu kutchalitchi, anthu atafunsa kumene ndinapita ndi ana awo. Titatuluka anandiyandikira a Greyson Msiska, mkulu wa mpingo wa zaka makumi asanu ndi atatu, amene kale anali kalaliki wa pachipatala. Kuno amanditchula kuti NyaNgozo, monga amatchulira akazi kwawo kuno. A Msiska anandifunsa ngati ndili ndi nsapato zokwerera phiri.

Anapita nane pamwamba pa mudzi wawo, pamtunda woyang'ana msewu wokwera kumapiri. Pansi pa mitengo ya masuku pali milu ya miyala makumi awiri ndi itatu, yandandandanda m'mizere iwiri. Palibe mtanda, palibe chikwangwani. Eni kuno amati malaro gha ŵalendo, kutanthauza manda a alendo. A Msiska anandiuza kuti nkhondo itatha mu 1918, amtengatenga ankabwerera kumwera pansi kuchokera kumalire a Songwe, ndipo fuluwenza inawapeza panjira. Amene analephera kuyenda anasiyidwa pamenepo. Anthu a m'mudzi ankaopa kuyandikira, koma agogo awo a Msiska, amene anali mphunzitsi wa mishoni, ankapita ndi akazi awo kukawapatsa madzi ndi phala. Aliyense amene ankatha kuyankhula ankamufunsa dzina ndi kwawo, n'kulemba m'buku. Kuyambira nthawi imeneyo banja la a Msiska limalambula malowo chaka ndi chaka mvula ikatha. Zaka zoposa zana limodzi, achimwene, kulambulira anthu osawadziwa.

Bukulo ndinaliona ndi maso anga. Ndi lachikuto cholimba, chiswe chinadya m'mphepete, ndipo analemba ndi pensulo m'Chitumbuka. Muli mayina khumi ndi anayi okha, enawo anamwalira asananene kanthu. Dzina lachisanu ndi chinayi ndi Tebulo, wa kwa Njolomole, ndipo pambali pake pali nambala 4127. A Msiska akuti mulu wakenso ndi wachisanu ndi chinayi. Nditawerenga kwa Njolomole ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Musafulumire kuganiza kuti ndapeza agogo athu. Kwa Njolomole kunachoka amuna ambiri, ndipo dzina loti Tebulo sindinalimvepo m'banja mwathu. Sindinakuuzeni nthawi imeneyo chifukwa ndinkaopa kudzutsa mitima pachabe.

Mwezi wa Ogasiti kunabwera kontrakitala wokonza msewu uja. Anthu anasangalala, ndipo inenso ndinasangalala, chifukwa dzinja likafika msewuwo umaduka ndipo ngakhale njinga yamoto sikwera. Koma dothi la miyala lothira pamsewu analipeza pamtunda wa manda womwewo. Tsiku lina tinangoona zikhomo zofiira zitakhomedwa kuzungulira malo onse. A Msiska anapita kukadandaula, ndipo kapitawo anawayankha mwaulemu ndithu kuti pamapu amene anapatsidwa palibe manda, pali tchire. Ndinalemba makalata awiri, ina ku ofesi ya boma ku Rumphi, ina ku Lilongwe kwa oyang'anira malo a mbiri ya dziko, kupempha kuti malowa alowe m'kaundula wa malo otetezedwa. Ndinajambula tsamba lililonse la bukulo n'kutumiza pamodzi. Koma makalata amayenda pang'onopang'ono kuposa makina.

Lachiwiri, pa 24 Seputembala, ndili m'kati mophunzitsa, akazi awo a Msiska anafika pazenera la kalasi ali wefuwefu, n'kunena kuti chimakina chokumba chakwera phiri ndipo bambo atenga mpando apita nawo komweko. Ndinasiya choko patebulo n'kuthamanga, osatsanzika ngakhale kwa ahedi. Ndinawapeza a Msiska atakhala pampando pakati pa milu ija, atavala jekete lawo la kutchalitchi dzuwa likuswa mtengo, buku lili pamiyendo. Chimakina chinali chitaima patsogolo pawo chikulira, ndipo anthu a m'mudzi anali atadzaza mbali zonse.

Musaganize kuti onse anali mbali yathu. Ambiri ankafuna kuti a Msiska achoke. Mayi wina, a Isabella Gondwe, anabwera pamaso panga penipeni. Chaka chatha mwana wawo wamkazi anachirira panjira mvula itadula msewu, ndipo khandalo silinakhale moyo. Anandiyankhula m'Chichewa kuti ndisaphonye liwu lililonse. Anati ine ndine wobwera, tsiku lina ndidzakwera basi n'kubwerera kwathu kumene kuli tala, koma iwo adzatsala ndi matope awo. Anandifunsa ngati anthu akufa amafuna ambulansi. Ankanena zoona, ndipo mpaka lero mawu awo akundilasabe.

Posowa chochita ndinapempha bukulo kwa a Msiska, ndinakwera pachitsa, n'kuyamba kuwerenga mayina mokweza mmene ndimaitanira mayina m'kalasi. Saidi wa kwa Mponda. Kalima wa ku Dowa. Matope wa ku Chiradzulu. Mawu anga sankamveka bwino chifukwa cha phokoso, koma ndinapitiriza. Nditafika pakati, chimakina chinazima. Woyendetsa wake anatsika, bambo wamfupi wonenepa dzina lake a Mackson, n'kundifunsa kuti, "Mayi, mwati wa kuti uyo?" Ndinabwereza kuti wa ku Chiradzulu. Anavula chipewa. Anati iwonso kwawo ndi ku Chiradzulu, ndipo ngakhale Matopeyo sakumudziwa, sangakumbe munthu wakwawo ngati chinangwa. Kapitawo anawakumbutsa kuti ntchito ili ndi masiku ake ndipo mvula ili pafupi. A Mackson anangomupatsa makiyi n'kunena kuti akwere yekha. Sanakwere.

Kenako a Msiska anaimirira, n'kuitana a Isabella kuti, mwana wane, bwerani kuno. Ananena pamaso pa onse kuti msewu ukonzedwa ndithu, ndipo palibe mayi wina amene adzachirirenso panjira chifukwa cha iwo. Analoza munda wawo wa chinangwa umene uli tsidya lina la khwawa, n'kunena kuti dothi lake ndi lomweli, moti khasu lawo lakhala likulira ndi miyala zaka makumi asanu. Anauza kapitawo kuti akakumbe kumeneko. Akazi awo anagwira pakamwa, chifukwa munda umenewo ndi umene umawadyetsa, ndipo sanawafunse n'komwe. A Isabella anangotembenuka n'kumapita.

Akatswiri anadzayeza dothi la m'mundamo ndipo anavomereza. Pamene ndikulemba pano magalimoto akututa kumeneko, ndipo theka la munda lapita kale. Loweruka lapitali tinakathandiza kuzula chinangwa chimene chinatsala makina asanafike, ndipo a Isabella anabwera ndi dengu lawo. Sitinayankhulane zambiri. Ndinawapatsa moni, anayankha kuti yewo, zikomo ya kuno, tinagwira ntchito mzere umodzi mpaka masana.

Kusukulu ndinalandira kalata yondichenjeza chifukwa chosiya kalasi popanda chilolezo. Ndinasayina osatsutsa, chifukwa ndinalakwadi. Ikhala m'fayilo mwanga, ndipo ndi bwino mumve kwa ine osati kwa ena.

Koma nkhaniyi sinathe. Zikhomo zofiira zija anangozisuntha, sanazichotse. Mundawo ukapanda kukwanira, maso abwereranso pamtunda paja. Chimene chingateteze malowa mpaka kalekale ndi kulembedwa m'kaundula wa boma basi. A ku Lilongwe ayankha tsopano. Ati atumiza anthu awiri kudzaona malowo ndi bukulo mu Januwale, ndipo akufuna umboni wina wochokera kunja kwa mudzi uno wosonyeza kuti mayinawo ndi a anthu enieni amene anali ndi kwawo. A Msiska maso ayamba kuchita khungu ndipo makutu sakumva bwino pafoni. Ana awo onse ali ku Mzuzu ndi ku Joni. Makalata onse ndimalemba ndine, ndipo mafoni a ku ofesi amabwera kwa ine. Ndikachoka mu Disembala monga tinapanganira, nkhaniyi izizira, ndipo munthu amene wapereka munda wake adzakhala atauperekera pachabe. Zimenezo sindingachite.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Mupite kwa azakhali a Muriel ku Lizulu. Bambo atamwalira, bokosi lawo lachitsulo lija anatenga ndi iwo, ndipo kachitsulo ka nambala kanali momwemo, kokulungidwa m'kansalu pamodzi ndi makadi a ubatizo. Mukakapeze, mukapukute bwino ndi phulusa kuti nambala ioneke, ndipo mukawafunse azakhali ngati a Zikani anali ndi dzina lina la kuntchito kapena la paunyamata. Musawauze dzina la m'buku lija poyamba, chifukwa mukuwadziwa azakhali, angavomere pongofuna kutisangalatsa. Alitchule okha. Ngati angalole, mumupatse Pamela kachitsuloko pobwerera Lachisanu la sabata yamawa. Ndidzakasamala ngati diso langa ndipo ndidzakabweza ndi manja anga. Akakana, mungojambula mbali zonse ziwiri. Chonde musazengereze. Azakhali ndi okhawo amene atsala mwa anthu amene anamva nkhaniyi kwa agogo aakazi enieniwo, ndipo chifuwa chawo chija sichikundisangalatsa.

Mwina nambala idzafanana, mwina ayi. Ndaganizira zonse ziwiri ndipo mtima wanga wakhazikika. Ikafanana, tidzabwera ndi amayi ndi azakhali kudzaima pamulu wachisanu ndi chinayi, tidzauze agogo athu kuti mwana amene anamusiya kumsana kwa mayi ake anakula, anabereka, ndipo tilipo. Ikapanda kufanana, ndiye kuti Tebulo ndi wa banja lina la kwa Njolomole limene nalonso linadikira mpaka kutopa, ndipo ndidzalemba kumipingo ya kwathuko mpaka eni ake apezeke. Ndayamba kale kulembera ku Chiradzulu, ndipo a Mackson atenga kalata imodzi kuti akapereke kwa abusa a kwawo.

Za amayi sindikuzitenga mopepuka. Sukulu ikatsekera ndibwera, ndipo tchuthi chonse ndidzakhala nawo ine kuti alamu apume, apite kwawo akaone makolo awo. A Harawa akapeza wina wosinthana naye, mlandu ndi wanga, ndipo ndidzayambiranso ndekha kufunafuna, simudzavutikanso inu. Amayi muwawerengere kalatayi yonse, osadumpha za chenjezo zija. Akakwiya akwiye atamva zonse.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, ndi kwa ana onse. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa achemwali ku Kasinje, ndi kwa azakhali mukakafika. A Msiska ndi akazi awo akuperekanso moni. Ati ngakhale simunaonane, banja limene linatumiza munthu kudera lino ndi abale awo, ndipo mukadzabwera musadzafune nyumba ya alendo.

Ndidikira Pamela pa siteji Lachisanu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Mabel Nangozo