Mzime Wathu ndi Sewero la Wamisala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka, koma ine mtima suli m'malo chifukwa cha mzime wathu.

Paja bambo atamwalira iye analowa gulu la zisudzo. Ndinakondwa, ndimvekere bola azituluka m'nyumba. Anamupatsa gawo la mwana wa mfumu amene bambo ake anaphedwa, iye n'kuyamba kuyenda ali nyankhalala, akulankhula zopanda mutu.

Poyamba tinkaseka. Akaweruka kushopu yake yometera ankayeserera kukhitchini, malaya atavala chotembenuza. Amayi ankamuuza kuti adye kaye, misala ibwere pambuyo.

Koma sabata yatha anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi, n'kuima pagalasi akudzifunsa mafunso. Munthuyo anabwera kudzadandaula kunyumba atavala chipewa.

Ndinapita kwa aphunzitsi amene amayendetsa gululo. Iwo anangoseka, akuti akatswiri amatero, gawo salivula ngati jekete mpaka ataonetsa sewero. Akutinso iwo ndi mzime amakangana nthawi zonse. Aphunzitsi amati mwana wa mfumuyo amangonamizira misala kuti agwire amene anapha bambo ake. Wathuyu amakana kwamtuwagalu, akuti munthuyo anadwaladi, kungoti abale ake anaona chapafupi kunena kuti akuchita dala.

Mawu amenewo anandilasa mtima, achimwene. Ndinafunsa aphunzitsiwo kuti nanga wonamizira amadziwika bwanji. Anati n'zosavuta, amasiya akatsala yekha.

Dzulo masana ndinabwerera panjira nditaiwala ambulera. Amayi anali atapita kukatenga mankhwala awo. Ndinamupeza mzime wathu pabalaza atayala nsalu yometera pampando uja wa malemu bambo athu, akuyendetsa sizasi m'malere mosamala kwambiri, uku akufunsa ngati afupikitse m'mbali. Sanandione, ndipo panalibe wina womuonera.

Nditamugwira paphewa anatembenuka n'kumwetulira, nati, "Achemwali, musaope, ndikuyeserera."

Achimwene, seweroli ndalimva mpaka kulilowezako. Mulibe zometa.

Amayi sindinawauze, mukudziwa mmene mtima wawo ulili. Ndikamutchulira zachipatala, mzimeyo amandiyankha ndi mawu a m'seweromo, ine n'kusowa pogwira. Inu nokha ndi amene amakumverani kuyambira ali mwana.

Akuonetsa seweroli kumapeto kwa mwezi uno, ndipo aphunzitsi akuuza aliyense kuti sanaonepo katswiri ngati ameneyu. Chonde pemphani tchuthi kuntchito, mufike tsikulo lisanakwane. Ndikuopa. Sindingathe kukhala muholo n'kumaonera anthu akuwombera m'manja mwana wa mayi anga akudwala.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mlongo wanu,
amene ndikudikira yankho lanu.