Botolo Lako Landigulula Mano

Chipoka, Salima
Okotobala 1951

Wokondedwa mwana wanga Lameck,

Vula chipewa, pakuti amene akukulembera ndi Yesaya, mfumu ya fungo kuyambira ku Chipoka mpaka ku Senga, mwamuna amene ngakhale ntchentche za pausipa zimamupatukira. Uli bwanji ku Halaleko? Amayi ako ali bwino. Inenso ndilipo, kupatula mano awiri ndi nthiti imodzi.

Mafuta onunkhira achizungu unanditumizira aja ndi aukali. Poyamba amaluma mphuno ngati ndimu, kenako amanunkhira ngati fodya wouma bwino. Vuto lake, sachoka.

Atamwalira azakhali a Esha, mkazi wa mnansi wathu Binali, zonunkhiritsa sanda, nsalu yokulungira maliro, zinasowa. Esha anadzagwada pamaso pa amayi ako kupempha timadontho, ine n'kupereka. Anawaza ndi iye mwini, fungo n'kumukakamira m'manja ndi pansalu yomwe anavala.

Binali anali kutsidya ndi ngalawa, za maliro sanamve. Atafika ananunkhiza mkazi wake kamodzi kokha. Gombe lonse lino mwamuna wonunkhira choncho ndi mmodzi.

Anandipeza ndikusoka ukonde. Moni sanapereke. Nkhafi inatera pakamwa, n'kubwerezanso m'nthiti. Ndinalavula magazi ndi mano pamchenga, iye akukuwa kuti nkhalamba yopanda manyazi ngati ine aidyetsa ng'ona. Ndinamuuza kuti akafunse kumanda. Anandiwonjezera. Basi ndinadzuka, kumunyamula ngati thumba la mpunga, m'madzi phava!

Zoseka zithere apa, mwanawe. Esha anathawira kwa mlongo wake Sidiki, diso lili chotupa. Ashehe amulongosolera Binali zonse, pakamwa wavomera, koma akuti mphuno yake ikukana, sangagone nyumba imodzi ndi fungo la Yesaya. Nsalu ya Esha ija yachapidwa ndi phulusa, osatheka. Binali ana wawatsekereza kwake, ndipo Esha sakudya powalira.

Choncho ndikukupempha, tumiza msanga botolo lina la mtundu womwewo, la Binali. Akadzola yekha, fungolo lisanduka lake, asowa chonunkhiza. Sidiki wanena kale kuti akadzatukulanso dzanja, nkhafi yomweyo idzathyokera pamsana pake.

Mulungu akusunge. Undiperekere moni kwa mpongozi wanga Dorothy ndi adzukulu.

Ndine bambo wako,
Yesaya

Zomuponya m'madzi zija ndapeka. Anagweramo ndine, ndipo anandivuula ndi amayi ako, chondikoka mwendo.