Makina a Mpweya Obwereka

9 Okotobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndipo msana uja unasiya kukuvutani. Katundu wanu wafika dzulo: shawelo yachikasu, timasokosi ndi kachipewa. Munasankha bwino, inu amene simutha n'komwe kudzigulira malaya okukwanani. Ndazisunga m'sutikesi yanga. Alamu sanazione.

Mundipirire, ndiyambe ndi za kuntchito. Mukudziwa kuti chipatala chathu chinkayendera thandizo la bungwe lakunja lija, n'chifukwa chake amayi oyembekezera ankachira mosalipira. M'mwezi wa Juni tinamva kuti a bungwewo akubwera kudzaona ngati thandizolo lipitirire. Abwana athu anandiitana. "Asista, mlendo salowa m'nyumba yosasesa. Musatichititse manyazi."

Ine ndi changu changa chija ndinagwira ntchito ngati ndalodzedwa. Tinapaka penti, tinakolopa mpaka kuseri kwa zitseko. Amayi asanu amene ankagona pansi tinawabisa m'chipinda chosungiramo katundu. Makina athu opereka mpweya kwa makanda anafa chaka chatha, ndiye ndinapita ndekha kukabwereka ena ku chipatala chachikulu. Ndinawaika pakona pooneka bwino, n'kuwayalira kansalu koyera.

Alendowo anajambula zithunzi akumwetulira. Mayi wina wa magalasi anandifunsa, "Pali chimene mukusowa?" Ndinayang'ana abwana, ndipo ndinayankha, "Ayi, tikuyesetsa." Lilime langali, achimwene! Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma ife tinachikhoma ndi loko. Lipoti lawo linati taima patokha, ndalama zipite kumene kuli mavuto. Makina aja eni ake anawatenga mawa lake lomwe alendowo atapita.

Alamu matenda anawayamba Lachiwiri lapitali m'mawa, mimba ili ya miyezi isanu ndi iwiri yokha. Ndinawachiritsa ndine. Mwana wamwamuna, mphuno yanu yeniyeni. Analira kamodzi, kenako n'kumapuma mobanika. Ndinaimbira dalaivala wa ambulansi, iye anati, "Mafuta mulibe, asista. Paja thandizo linatha." Ndinamupopera mpweya mwanayo ndi kathumba ka pamanja kwa maola atatu mpaka zala zinauma, ndili pakona pomwe paja panali makina. Pamene galimoto yahayala imafika n'kuti atatisiya.

Lachitatu mutaimba foni kufunsa za alamu, ndinakuyankhani mawu omwe aja akuti tikuyesetsa. Amayi anati tikubisireni mpaka mumalize kontilakiti yanu. Ine ndatopa nako kubisa, ndaona kumene kumathera.

Ndine ndinakuletsani kuwapititsa ku chipatala cholipira. Ndinati musataye ndalama zanu mlongo wanu ali mzamba. Mawu amenewo akundidya, ndipo ndikuchita manyazi kuvala yunifolomu. Abwana akuti ndilembe kuti mwanayo anabadwa wofooka. Ndalemba kuti panalibe makina, zichitike zimene zichitike.

Amayi akupereka moni, akuti musakwiye nawo. Alamu thupi likubwerera. Mkaka ukutulukabe, amangomanga nsalu pachifuwa n'kuyang'ana kukhoma. Ndawafunsa ngati ndikulembereni moni wawo, angondifunsa ngati mwamva. Moni wina uja munkaudikira, wa mwana, ndilibe.

Musatumizenso kanthu, bwerani nokha. Mudzandiuze chochita nayo shawelo ija, ine ndikulephera kutsegula sutikesi.

Ndine mlongo wanu, ngati mungathe kunditchulabe choncho.