Makutu a Nkhosa ya Pachithunzi cha Erofili

BUNGWE LA CHIKHALIDWE LA MUDZI WA KATO MOURNI, KRETE

Tsiku: Lachisanu, 9 Ogasiti 2019
Malo: Kusukulu yakale
Opezeka: Bambo Minas Foundoulakis (Wapampando), Bambo Haridimos Selinakis (Mlembi), Abambo Prokopios (wansembe), Mayi Argyro Kalathaki. Woitanidwa: Erofili, mdzukulu wa Mayi Argyro, wojambula zithunzi ndi utoto.
Osapezeka: Bambo Stratis Ploumakis. Akuti bondo. Bondo lawolo limawawa tsiku lililonse limene Mlembi alipo.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 5 koloko madzulo. Wansembe anapemphera mwachidule.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita
Wapampando anadandaula kuti zilembo za Mlembi zikuvuta kuwerenga. Mlembi anati zilembozo anaphunzira yekha ku usilikali, ndipo kalata zake zinamupezera mkazi. Amene sakuona agule magalasi. Zolembedwa zinavomerezedwa.

3. Chionetsero cha paphwando la 15 Ogasiti
Wapampando analandira Erofili, amene wabwera kumudzi atayenda kunja zaka zisanu ndi zinayi. Anabweretsa zithunzi khumi ndi chimodzi: nyanja yozizira ya ku Norway, misika ya ku Morocco, ndi maluwa a m'phiri lathu. Wansembe anapempha kuti cha ku Norway chipachikidwe pafupi ndi mpando wawo, poti mwezi uno akutha ndi thukuta. Khumi zinavomerezedwa.

Chotsalacho ndicho chachikulu. Chikuonetsa malemu Myron, mwamuna wa Mayi Argyro, atasenza nkhosa yamphongo paphewa. Erofili anati anatengera pa kachithunzi kakale, kokhako kamene agogo akewo anasiya, ndipo analonjeza Mayi Argyro kuti chidzakhala pakhomo penipeni.

Mlembi anayandikira n'kuyang'ana makutu. Lamanja n'long'ambidwa pansonga ngati mphanda, lamanzere n'loboola. Anauza komiti kuti chimenecho n'chizindikiro cha nkhosa za banja la Selinakis, ndipo nkhosayo ndi Kokkinos, imene inasowa m'khola la bambo ake mu 1963. Banja lake lakhala likuloza chala a Ploumakis kuyambira nthawi imeneyo. Anati chithunzicho sichipachikidwa iye ali moyo.

Erofili anati kwa Mlembi: "Agogo, ine ndajambula zimene ndinaona. Kodi makutu a nkhosa amawerengedwanso?"

Mlembi anati: "Mwanawe, wazungulira dziko lonse koma khutu la kwanu lakukanika?"

Wapampando anaganiza kuti makutuwo apentedwenso ndi chizindikiro cha banja la Myron, nkhani ithe. Erofili anakana, nati sanamizira agogo ake ndi utoto. Mlembi anakananso, nati kumeneko n'kuiba nkhosayo kachiwiri. Wapampando anati n'koyamba kuona anthu akugwirizana chonchi koma osamvana.

Mayi Argyro, amene ankasenda mtedza, analamula kuti kachithunzi kakaleko katembenuzidwe. Kuseri kunalembedwa 19 Okutobala 1963.

Anati: "Iwe nkhalamba, unakwatira liti?"

Mlembi anati pa 20.

"Nanga mboni ya ukwati wako anali ndani?"

Mlembi anati Myron.

Mayi Argyro anafotokoza kuti chaka chimenecho chisanu chinatha nkhosa zawo zonse, ndipo mboni kufika paukwati chimanjamanja ndi manyazi osatha. Myron anakwera kukhola la bambo a mkwati, nati palibe kuba poti nyamayo ikubwerera kwawo komweko. Chikopa ndi makutu ake anakwirira iwo eni pansi pa mkuyu.

Anati: "Bambo ako anayamikira mpaka kumupsompsona Myron pamphumi, ati nyama yotere sanailawepo. Ndiye iwe, mkamwa mwa fisi, unanyambita mbale zitatu!"

Msonkhano unaima kaye kuti wansembe amwe madzi, poti anatsamwa ndi kuseka.

Mlembi anati nyamayo akuikumbukira, inali yokomadi, ndipo tsopano n'zomveka chifukwa chake. Anaonjeza kuti Erofili wajambula nyanga bwino kuposa nkhope ya Myron, ndipo n'koyenera kutero.

Zogwirizana:
(a) Chithunzi chipachikidwe pakhomo, makutu ali momwemo.
(b) Pansi pake palembedwe "Myron ndi nkhosa ya a Selinakis". Erofili anavomera ndipo anakumbatira Mlembi mosapempha chilolezo kwa Wapampando.
(c) Mlembi adzaima pambali pa chithunzi kufotokozera obwera kuchokera ku Atene kulemera kwa Kokkinos.

4. Zina ndi zina
Wansembe anakumbutsa kuti banja la Ploumakis latchedwa mbava zaka 56 popanda mlandu. Mlembi anati apitako mawa m'mawa ndi botolo la mowa wa raki, koma zilembedwe kuti sanatumidwe ndi munthu.

Mayi Argyro anapempha kuti mbale zitatu zija zilowe m'buku. Mlembi anati zinali ziwiri. Anavota: atatu kwa mmodzi. Zalembedwa zitatu. Mbale za nthawi imeneyo zinali zazing'ono.

5. Msonkhano wotsatira
Lachisanu, 6 Sepitembala, malo omwewa. Bondo la Bambo Ploumakis likuyembekezeka kukhala litachira.

Wapampando anatseka msonkhano 6:40 madzulo.

Minas Foundoulakis, Wapampando
Haridimos Selinakis, Mlembi, mwini nkhosa