Phazi la Aphunzitsi

Lolemba, 9 Juni

Wodi ya amayi yadzaza mpaka pakhonde. Anamwino awiri okha, ine ndi mnzanga Wamtali, naye chimfine. Miyendo ngati si yanga.

Pa bedi la pawindo pabwera mayi wachikulire, ankaphunzitsa kale, tonse tikungoti Aphunzitsi. Matenda a shuga, ndi bala la kuphazi lomwe akhala akulibisa m'sokosi. Pakamwa pokha ndiye palibe matenda. Ndikutsuka balalo akuti, "Mwanawe, ukutsuka phazi la munthu kapena ukukwecha poto?" Kuseka kwanga koyamba lero. Akuwadwazika ndi mwana wawo wamkazi, wofatsa, maso ofiira ndi tulo.

Lachitatu, 11 Juni

Dokotala wayendera odwala m'mawa. Kuona phazi, wandinong'oneza zodula mwendo. Kunong'ona kwakenso, wodi yonse yamva.

Masana, nthawi ya jakisoni wa insulini. Aphunzitsi zii. Thukuta pamphumi kunja kukuzizira chonchi, manja kunjenjemera. Ndafunsa dzina la mwana wawo, ayankha zina. Mbale pansi pa bedi yosakhudza. Mwana akuti chimvereni mawu a dokotala, sanalawe kanthu. Timapepala toyezera shuga tinatha dzulo. Dokotala ali kochita opaleshoni, foni osayankha.

Pepala la dokotala likuti baya. Thupi la munthu likuti usayerekeze, shuga watsika kale. Sindinabaye. Tiyi wa shuga wambiri, ndi supuni, pang'onopang'ono, poti kumeza amameza. Patapita kanthawi maso ayera, akuti, "Akufuna kunditsiriza ndi shuga ndani?"

Ndinakakhala m'chipinda cha mankhwala.

Lachinayi, 12 Juni

Timapepala tapezeka ku wodi ya abambo. Lero shuga wakwera zedi. A Sisitala andiitana: "Mankhwala olembedwa sadumphidwa ndi maganizo a munthu." Ndafotokoza. Amva, koma akuti ndikanatuma munthu kukagogoda komwe kunali dokotalako. Apo akunena zoona. Sindinaganizeko.

Dokotala wangoti, "Mwina nanenso ndikanatero," wasintha mlingo, wapita. Naye watha, mwana wa eni.

Kunyumba bambo a ana akuti ndikununkha chipatala. Ndagona pampando nsapato zili kuphazi.

Loweruka, 14 Juni

Bala lasintha fungo. Kuda kukukwera, dzana kunali m'zala, lero kwafika mu akakolo. Ndajambula mzere pakhungu ndi cholembera kuti tizionera. Thupi layambanso kutentha.

Aphunzitsi andigwira dzanja. "Iwe usandizembe ngati enawa. Akanakhala mayi ako?"

Anatiphunzitsa kusamusankhira wodwala. Koma kumubisira sanatiphunzitsenso. Ndawauza zomwe maso anga akuona, kuti mwendo umenewu ukachedwa utenga ndi mwini wake yemwe. Ndati amayi anga ndikanawagwadira kuti alole. Kenako: "Nanga nsapato inayo mudzapatsa ndani?"

Avomera. Opaleshoni Lachiwiri. Madzulo adya, mbale mbee.

Lolemba, 16 Juni

Mwana wawo wamwamuna watulukira. Suti, makiyi a galimoto m'manja, masiku onsewa anali kuti kaya. Akuti amayi ake sapita kumanda zidutswazidutswa, akudziwa munthu wina wochiza mabala otere. Dokotala walankhula. A Sisitala alankhula. Ine ndalankhula mpaka malovu kuuma. Mlongo wake kungolira chamumtima.

Ndinadikira atuluke onse, ndawafunsa eni ake paokha. Maso kukhoma. "Ndatopa kuona ana anga akukangana pamutu panga." Asayina okha kuti akutuluka. Mutu ukugwira bwinobwino, thupi ndi lawo. Ndikanatani?

Pakhonde ndamuonetsa mwana wamkazi uja katsukidwe ka bala. Ndamuuza kuti akasiya kudya asathamangire kubaya, afunse kaye. Kuda kukadutsa mzere, kapena akayamba kubwebweta, asadikire chilolezo cha achimwene ake, apeze galimoto iliyonse. Ndamupatsa nambala yanga. Ine sindipereka nambala kwa odwala.

Lachitatu, 18 Juni

Pawindo pagona kale wina, mtsikana wa chibayo. Wamtali wadwaliratu, ndagwira ndekha tsiku lonse. Sindinakhale pansi.

Lachisanu, 20 Juni

Tsiku lopuma. Zochapa mulu, msana ukuwawa. Ndimati ndikamaliza ndigone mpaka ana abwere kusukulu.

Foni yalira ndili m'kati mochapa. Nambala yachilendo. Yaduka ndisanapukute manja. Ndaimba, sikulowa. Ndaimbanso, chimodzimodzi. Mwina wangosokoneza nambala. Anthu amasokoneza.

Yunifolomu ikadali yonyowa pachingwe, koma ndaianula.

Foni ikuliranso