Galimoto ikulira, koma makaniko ndi apongozi anga

Aphungu,

Pepani, kulemba sindikudziwa bwino, sukulu ndinalekezera Sitandade 7. Kalatayi ndaiwerenga mobwereza kuti musavutike nayo. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimagulitsa usipa wouma. Amuna anga, a Lodwick, ali ndi galimoto yakale yomwe timanyamulira nsomba kuchokera kuno ku Chipoka kupita ku Salima, nthawi zina mpaka ku Khombedza. Iwo amayendetsa, kutsogolo kumakhala wokwera aliyense amene tamupeza panjira. Ine malo anga ndi kumbuyo, mbali ya kumanzere, mwana pamiyendo, madengu pambali.

Chiyambire dzinja lapitali galimotoyi ikulira. Ndifotokoze mmene ndimaimvera. Tikamanyamuka pang'onopang'ono sikumveka kanthu. Tikalowa mu tala n'kuyamba kuthamanga, pansi pa mpando wanga pamalira ngati njuchi zili mumng'oma, ndipo liwiro likamakula kulirako kumakulanso. Akasintha giya, iko sikusintha. Pokhotera kumanja kumakula, pokhotera kumanzere kumachepa ngati kwatha. Masiku ano mpando ukunjenjemeranso mpaka mapazi kuchita dzanzi. Tsiku lina potsitsa dengu ndinakhudza pakati pa tayala la mbali yangayo, panali potentha moti dzanja ndinachotsa msanga. Ndinazungulira kukakhudza la mbali inayo, linali lofunda chabe. Palinso kugogoda, koma kumeneko n'kwina, kumabwera pa mabampu ndi m'maenje mokha.

Nditawauza amuna anga anati, "Amake Agape, galimoto yosalira ndi yomwe yafa." Atatero anakweza wailesi.

Vuto langa lenileni nali. Makaniko wathu ndi apongozi anga aamuna, a Jailosi, bambo owabereka amuna angawo. Ali ndi galaja pafupi ndi njanji. Iwo safunsa zambiri, amangoti, "Iliritseni ndi pakamwa ndimve." Ndiye mumaona azibambo akuluakulu, ena aphunzitsi, atatupitsa masaya, uyu "khokhokho", uyu "tswiii", anzawo odikira akufa ndi phwete. Apongozi akamva amadziwa poyambira.

Titapita, amuna anga anangoti, "Ikungosokosa basi, mwina ekizozi." Apongozi anati, "Iwe makutu ako anapita ndi wailesi kalekale. Apongozi, inu mumakhala kumbuyoko, tailiritsani." Aphungu, ine chikwatiwire sindinawayang'anepo kumaso bambo amenewa. Madzi ndimawapatsa nditagwada, nkhope ili kumbali. Ndiye nditalikitse milomo pamaso pawo ndi pa anthu onsewo, ndizilira ngati njuchi? Ndinagwada, ndipo mawu amene anatuluka ndi akuti, "Ikuyenda bwino, bambo." Iwo anamanga ekizozi, paipi ya utsi ija, ndi waya, ife tinabwerera. Kulira kuli pomwepo.

Kumapeto kwa mwezi uno tikupita ndi mayi anga ku Lilongwe, kuchipatala cha maso, pa galimoto yomweyi, mwananso ali momwemo. Msewu uja ndi wa zitunda ndi makona. Mtima wanga sukukhazikika. Sindifuna kuoneka wopanda mwambo kwa apongozi, sindifunanso kutsutsa amuna anga pagulu. Kodi kulira kumeneku kuli ndi dzina loti munthu angalitchule mwaulemu? Ndithandizeni.

E.M., Chipoka

Mayi E.M.,

Zikomo kwambiri, mwambo mwausunga. A Jailosi ayenera kuti akunyadira kuti mwana wawo anapeza mkazi waulemu, woti tayala likufuna kuchoka iye n'kugwada n'kunena kuti zonse zili bwino. Likadzakupitirirani pachitunda likuthamanga lokha, mudzaligwadirenso, mwina lidzachita manyazi n'kubwerera.

Amuna anunso ndawagomera. Anzawo akutaya nthawi ndi majeke ndi masipanala, iwo anatulukira kuti galimoto imakonzedwa ndi kabatani ka wailesi. Muwafunse ngati Agape akamatsokomola amakwezanso nyimbo.

Chondidabwitsa n'chakuti ine, munthu wosagwira sipanala, mwandifotokozera zonse bwinobwino, koma mwini sipanala munamupatsa bodza. Inde, bodza, ngakhale linanenedwa chogwada. Bambo aja anazunza ekizozi yosalakwa chifukwa cha inu.

Mwafunsa dzina. Mayina alipo, ndipo palibe lofuna kutupitsa masaya. Amakaniko amasiyanitsa zimene khutu likumva, zimene thupi likumva, ndi mmene galimoto ikulandirira msewu. Za khutu ndi monga kugogoda, ngati munthu ali pachitseko. Pali kukwecha, chitsulo pa chitsulo, kumene mabuleki otha amachita ukawaponda. Pali kuimba mluzu, kwa lamba wa injini wokhwefuka. Ndiye pali kung'ung'udza, komwe ndi kwanuko. Za thupi ndi kunjenjemera, ndipo muzitchula pamene mukukumva, chifukwa kwa pa chiwongolero kawirikawiri kumaloza matayala akutsogolo, kwa pa mpando ndi kumapazi kumaloza akumbuyo. Chinacho ndi kuuma: galimoto ikamagwa m'dzenje ngati ngolo, msana n'kumva, amayang'ana mashoko ndi mabushi, zipangizo zofewetsa mabampu. Kugogoda kwanu kwa pa mabampu kuli kumeneko, ndipo mwachita bwino kusakusokoneza ndi kwinako.

Dzina lokha silikwanira. Makaniko amafuna adziwe kumene kukuchokera, pamene kumayambira, ndi chimene chimakusintha. Kulira kotsata liwiro la galimoto, kosasamala giya, si kwa injini. Kukamakula pokhotera kumanja, pamene kulemera konse kwagwera kumanzere, tayala lomwelo n'kumatentha lokha, amakaniko amene ndawafunsa akuti choyamba kuyang'ana ndi beringi, kachitsulo kamene tayala limazungulirapo, kenako buleki ya tayalalo ngati ikugwira yokha osaiponda. Beringi ikatheratu, tayala limatha kuuma gwa kapena kuguluka galimoto ili pa liwiro. Ine galimotoyo sindinaione, woweruza ndi jeke.

Ndiye pitani m'mawa, anthu asanadzaze pagalaja. Gwadani mmene mumagwadira, palibe wakuletsani, nkhope ikhale kumbali ngati mukufuna, koma pakamwa panene kuti, "Bambo, tsiku lija ndinachita manyazi. Ikung'ung'udza kumbuyo kumanzere ikathamanga, mpando ukunjenjemera, tayala likutentha." Mwatukwana ndani pamenepo? Zikakukanikani, mwambo womwewo uli ndi khomo lake: auzeni apongozi aakazi. Iwo sachita manyazi ndi mwamuna wawo, uthenga akaufikitsa ndi zowonjezera zomwe.

Kenako bambowo akhale pa mpando wanu, wailesi itazimitsidwa, a Lodwick ayendetse pa tala. Akabwerako aikweze pa jeke, aligwedeze tayalalo ndi kulizunguza ndi manja. Amuna anu musawatsutse pagulu. Auzeni kunyumba, mofatsa mmene mumayankhulira, kuti mwana ndi mayi anu sakwera mpaka bambo awo alione tayalalo. Akakwiya akwiye, mkwiyo umaphwa.

Koma chenjerani ndi mawu akuti "ku Lilongwe ifika". Musalole kuti angopaka girisi n'kukutsanzikani, beringi yotha imasinthidwa. Tsiku la ulendo likakwana isanasinthidwe, akwezeni mayi anu minibasi ku Salima, inu ndi mwana momwemo. Akupita ku Lilongwe kuti akaone bwino, osati kuti abale akawaone ku wodi ya ovulala.

Aphungu