Nyenyeswa pa Chala Changa

Mudzi wa Kamzati,
Chikomeni, Lundazi.
9 Febuluwale 1987

Okondedwa alongo anga a Danwell,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe pamodzi ndi alamu ndi ana. Sopo munatumiza uja anafika, ndamudula panayi kuti akhalitse. Kuno njala yakula, chimanga sichinakhwime, tikudyera maungu anthete.

Ndalemba chifukwa ndinu mkulu wa mpingo, ndipo pali chinthu chimene ndikuopa kuuza akulu a kuno.

Mudziwa kuti chilowere mitala kwa a Enos ndinadulidwa ku Mgonero, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi tsopano. Nsalu yoyera ya pagome ndimachapa ndi kusita ndine, koma akaivundukula ndimatuluka kukaima panja ndi ana.

Amai aakulu, a Tryphena, mkazi woyamba wa a Enos, akudwala kuyambira Khirisimasi. Ndine ndimawasambitsa ndi kuwamwetsa phala, ngakhale zaka zonsezi dzina langa kwa iwo linali "uja". Sabata yatha anakana chakudya masiku anayi, ndipo anapempha Mgonero. A Enos anapalasa njinga mpaka kuboma, naima pamzere tsiku lonse khadi la chipani lili m'manja, nabwera ndi theka la buledi wouma.

Lachisanu m'mawa abusa anafika. Ine ndinayala nsalu pakampando, ndinaongola makona onse anayi, ndinayamba kutuluka. Abusa atapereka mkate, amai anatseka pakamwa. Anayesanso, osatheka.

"Simudziwa kudyetsa odwala, abusa," anatero amai. "Muitaneni uja abwele."

Abusa anayang'ana a Enos, a Enos anayang'ana kudenga. Kenaka abusa anaviika kachidutswa m'chikho kuti kafewe, nakaika m'dzanja langa.

Ndinatukula mutu wa amai monga ndichitira masiku onse, ndinawaika kachidutswako m'kamwa, ndipo anameza.

Tsono tchimo langa ndi ili. Ndikatha kuwamwetsa phala ndimanyambita chala, pakuti chaka chino sititaya kanthu. Dzanja linapita lokha. Ndinazindikira kanyenyeswa kali kale palilime, konyowa ndi vinyo. Kulavula sindikanatha, ndi thupi la Ambuye. Ndinameza.

Ndinagwada pomwepo, ndikukumbuka mau aja akuti wakudya kosayenera adzidyera chiweruzo. Amai anandigwira pamkono.

"Ndamuona, wadya," anatero. "Abusa, mukakamba mlandu muyambe ndi ine. Ndamuitana ndine."

Abusa anayamba kupinda nsalu. Potsiriza anati, "Ine ndinali nditatsinzina, ndinali kupemphela."

Masana omwewo amai anapempha phala, namaliza kambale konse. Ine sindinadye kanthu mpaka Loweruka, koma njala sindinaimve. Ndinapalira mizere isanu ndi umodzi ndikuimba. Kanthu kochepa kuposa njere ya mapira! Sindimvetsa.

Ndiuzeni zoona, musandinyengerere. Kodi ndinaba, kapena ndinapatsidwa? Mukati ndikaulule kwa akulu a mpingo ndidzapita, ngakhale andilande nsalu ija. Koma kunena kuti ndikumva chisoni sindingathe, kungakhale kunama. Muyankhe ndi dzanja lanu, musatume ana kulemba.

Moni kwa alamu ndi ana onse. A Enos apereka moni. Amai aakulu ali pano pamphasa, afooka ndithu, sindidziwa ngati adzaona chimanga chatsopano. Andifunsa amene ndikulembera, ndipo akuti ndilembe mau awo monga anenera: "Muwauze a Danwell asade nkhawa, mng'ono wanga Faides akudya."

Ndine mlongo wanu,
Faides